Mphasa Ziwiri M'nyumba ya Rozina

Amene anayamba kundibweretsera nkhaniyi ndi a Nachisale, anzanga a mumphakati wa ku tchalitchi kwathu, amene timayala malonda moyandikana pa msika wa Mayani, iwo kachewere, ine nyemba ndi kabichi. Anandipeza pachipata ndikupisapisa m'chitenje kufuna khadi la chipani kuti ndionetse anyamata a chipani olondera pamsikapo. Sanadikire n'komwe kuti nditule dengu.

"Mayi a Fidesi, mwamva za mwana wanu?"

"Uti?" ndinatero.

"Rozina. Wabwerera kwa amake, mwana kumbuyo, katundu pamutu. Akuti ukwati watha."

Rozina si wanga wobereka. Ndi mwana wanga wa ubatizo. Ndine ndinamunyamula pamene bambo mfumu ankamuthira madzi, ali kakhanda kolira ngati kambuzi. Anakwatiwa ndi Lukasi, mnyamata wofatsa amene amayang'anira anthu odzala paini ku nkhalango ya Chongoni, ndipo amakhala m'nyumba za antchito komweko. Mulungu anawapatsa mwana mmodzi, Mphatso, amene tsopano wayamba kuyenda.

"Wam'menya?"

"Lukasi kumenya munthu? Uja ngakhale nkhuku amayamba waipepesa asanaiphe."

"Mowa?"

"Salawa."

"Nanga n'chiyani?"

A Nachisale anayang'ana uku ndi uku, natsitsa mawu. "Akuti za m'nyumba."

Awerengi anga okondedwa, mukudziwa inu kuti ife tikati za m'nyumba sitikunena mipando kapena mbale. Sabata ino ndikamba zomwezo, pamodzi ndi mawu awiri a Chizungu amene ndawamvanso patapita zaka zambiri. A mkonzi asaope. Sindilemba chilichonse chimene mwana wa sukulu angachite nacho manyazi powerengera amake.

M'mawa mwake ndinapemphera, n'kuvala juzi, n'kuuyamba ulendo wa kwa amake a Rozina. Nkhungu inali isanachoke m'madambo. Rozina ndinamupeza kuseri kwa nyumba akusankha nyemba, wawonda, khosi latalika. Ndinakhala pansi n'kuyamba kusankha naye. Nkhani zotere sufunsa munthu mutayang'anana m'maso. Manja amayenera kukhala ndi chochita.

"Mwanawe, chakuchotsa m'nyumba mwako n'chiyani?"

Anatola nyemba yofumbwa n'kuitaya pambali.

"Amayi, chibadwire Mphatso, bambo ake amayala mphasa pabalaza."

"Mpaka lero?"

"Mpaka lero. Mwana anakhala pansi, anakwawa, mano anamera, pano akuthamangitsa nkhuku. Iwo pabalaza pomwepo. Chisanu cha ku Chongoni mukuchidziwa inu. Munthu angasankhe simenti yozizira ija ngati alibe kwina kumene akufundako?"

"Wamuona wina?"

"Sindinamuone. Koma nanga n'kutani? Pa maliro a azakhali a Nambewe, amayi ena ananditengera pambali n'kundiuza kuti nthawi inakwana kale, ndikakoleke mikanda yoyera. Ndinakoleka pa msomali wa kuchipinda. M'mawa mwake mikanda palibe. Anaichotsa, amayi. Osanena kanthu. Kodi pali kukanidwa koposa pamenepo?"

"Unawafunsa?"

Anandiyang'ana ngati ndamutukwana. "Ine? Ndiyambe ndine? Ndinene kuti chiyani?"

Funso limenelo ndinayenda nalo njira yonse pobwerera. Anene kuti chiyani?

Ife m'masiku athu sitinkasowa chonena, chifukwa sitinkanena. Zonse zinali ndi njira yake. Mwamuna ankabwera kudzakhala kwanu pa chikamwini, ndipo nyumba yanu inkamangidwa pakati pa nyumba za amayi ako, azakhali ako, akulu ako. Ukadzuka m'mawa nkhope itagwa, usanafike n'kuchitsime komwe wina wakufunsa kale kuti, "Kodi m'nyumbamo mukuzizira?" Iwe n'kungoseka kapena kungogwetsa misozi, iwo n'kudziwa chochita.

Mawu tinali nawo, koma onse ovala nsalu. Tinkati kulowa m'nyumba. Tinkati kukhala malo amodzi. Tinkati kupita kumphasa. Pamene bambo ndi mayi ayenera kuyamba apatukana, chifukwa cha khanda kapena maliro, tinkati akudika. Mwana amatha kukhala pomwepo akusewera ndi zitsononkho, akulu n'kumalizana nkhani yonse iye osatolapo kanthu. Pena mawu sankafunika n'komwe. Mikanda yofiira pa msomali, bambo adziwa kuti mayi ali kumwezi. Yoyera, adziwa kuti njira yatseguka. Mayi akaitana mwana kuti adzathire mchere m'ndiwo m'malo mothira yekha, bambo ali pakhonde wamva kale uthenga. Ndinkaona ngati zonsezi n'zachibadwa, ngati kupuma. Sindinkadziwa kuti zinkayenda chifukwa panali anthu oziyendetsa.

Lachinayi masana tinakhala pansi pa mtengo wa mapichesi kwa amake a Rozina. Mwini mbumba, amalume ake a Rozina, ndi a Gilibati, nkhalamba yanthabwala ya kudambwe imene sinapondepo m'tchalitchi kupatula tsiku la ukwati wa Rozina yemweyo, pamene inagona tulo ulaliki usanafike pakati. Lukasi anabwera ndi mkulu wake, amene ndi nkhoswe yake. Amake a Rozina, pokhala apongozi, sanakhale nafe. Anakhala m'nyumba kuseri kwa chitseko, ndipo tonse tinkadziwa kuti khutu lili pa mng'alu.

A Gilibati anafwenkha fodya, nayetsemula, nayamba.

"Mkamwini, ife tinakupatsani munthu wonenepa. Mwatibwezera ndodo. Tiuzeni, m'nyumba mwanu muli moto kapena phulusa?"

Lukasi anagwira chipewa chake n'kumachizunguliza m'manja. Anayang'ana chitseko chija, nayang'ana mkulu wake, nayang'ana pansi. Thukuta linatuluka pamphumi, mphepo ya Juni ikuwomba.

"Malume, n'zoona kuti chibadwire mwanayu, ine ndi amake a Mphatso sitina..." Kenaka anathawira ku Chizungu, mawu ali pansipansi. "Making love."

"Meki ndani?" anatero a Gilibati. "Ndiye dzina la mkazi winayo?"

"Ayi, malume!"

"Mkamwini, pano palibe mzungu. Ine Chizungu changa chinathera pa kuyankha kapitawo wa msewu."

Koma ine mawu aja atandilowa m'khutu, ndinachoka pansi pa mtengo wa mapichesi uja. Ndinabwerera kutali, kwa malemu amuna anga, bambo a Fidesi.

Iwo ankagwira ntchito ya ukhukhi kwa azungu ku Halale tisanakwatirane, ndipo anabwerako ndi jasi lalitali, lumo lometera ndevu, ndi Chizungu cha kukhitchini chimene ankachitulutsa pofuna kundiseketsa. Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Kuwerenga ndi kulemba ndimatha, ndithokoze Mulungu ndi masisitere amene anandiphunzitsa, koma Chizungu changa n'cha pa paketi ya sopo. Tsiku lina tikupalira chimanga, ukwati wathu ukadali wa miyezi, anaimika khasu n'kunena kuti, "Kodi ukudziwa mmene azungu amatchulira za kumphasa?"

"Azungunso amatchula?"

"Amati making love."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Kupanga chikondi."

Ndinaseka mpaka ndinakhala pa mzere. "Chikondi amachita kupanga ngati mpando? Ali ndi misomali yake?"

Anandifotokozera, atatsamira khasu ngati mphunzitsi. Anati azungunso ali ndi mawu amaliseche, amene amatukwanirana akaledzera kapena galimoto ikakana kulira, ndipo munthu waulemu sawatchula. Alinso ndi a kuchipatala, ozizira ngati chitsulo cha dokotala. Koma awa ndi a pakati, mawu ofunda, a anthu awiri amene amafunana. Suwanena za ziweto. Suwanena za munthu wogwiririra mnzake. Amanenedwa pamene pali mtima.

Anandiuzanso kuti kale mawuwo sankafika n'kuchipinda komwe. Amake a dona wawo, nkhalamba ya tsitsi loyera ngati thonje, ankawanena potanthauza kufunsira chabe, mnyamata kulankhula mawu okoma kwa mtsikana pa mpanda. Tsiku lina pa tebulo, alendo ali tho, gogoyo ananena kuti malemu amuna ake ankachita zimenezo pakhomo pa bambo ake Lamulungu lililonse, bambo akewo ali pomwepo akuwerenga nyuzi. Achinyamata anatsamwa ndi tiyi. Bambo a Fidesi anati anathawira kukhitchini ndi mbale ya supu kuti akasekere kumeneko.

"Waona," anatero, "nawonso mawu awo amakalamba."

Kuyambira tsiku limenelo mawuwo anakhala athu awiri. Sankawanena kawirikawiri. Koma pena tili pakati pa anthu, pa ukwati kapena pobwera ku Misa, ankangondiyandikira n'kunena kuti, "Amake a Fidesi, misomali ija ilipo?" Ine n'kuwatsina pa mkono, nkhope ili gwa ngati sindinamve. Ha, anthu amapita! Jasi lija lilipobe m'bokosi. Mwini wake anagona ku manda a kumishoni, ndipo palibenso wondifunsa za misomali.

Ndiye nditamva mawu omwewo pakamwa pa Lukasi, sindinamve chipongwe ayi. Ndinamva mwana wa eni akufunafuna nsalu yoti avindikire nkhani pamaso pa apongozi ake, ndipo nsalu imene anaipeza pafupi inali ya Chizungu.

"Akunena za kumphasa, a Gilibati," ndinatero.

"Zimenezo tikuzidziwa, mayi a Fidesi, n'zimene tasiyira madimba athu. Tikufunsa chifukwa. Mkamwini, mukudwala? Nenani, mitengo ilipo m'phirimu."

"Sindikudwala."

"Mwamutopa mwana wathu?"

"Ayi! Mulungu akundiona."

"Nanga?"

"Mphasa ija ndi ya azakhali a Nambewe. Sanabwere kudzaitenga."

Kuseri kwa chitseko kunamveka munthu akukoka mpweya.

Achinyamata amene mukuwerenga simungamve, choncho ndifotokoze. M'midzi yathu ino ya m'mphepete mwa phiri munali kachitidwe kena. Sindikudziwa ngati kwina kanaliko. Mayi akatuluka m'chikuta ndi khanda, azakhali ake ankabwera ndi mphasa yawo n'kuipereka kwa mkamwini. Ankangoti, "Ndakubwerekani iyi. Ndidzaitenga ndekha." Mwamuna ankadziwa kuti malo ake ogona ndi amenewo mpaka mwini mphasa adzabwere. Mayi apume, thupi libwerere, mwana alimbe.

Ine ndikukumbukira tsiku limene azakhali anga anabwera kudzatenga yawo, Fidesi atayamba kukhala pansi. Anafika m'mawa dzuwa litangotentha pang'ono, nakhala pakhonde, namunyamula mwana, namugwira paliwombo, namuponya m'mwamba n'kumuwakha. Anakamba za mvula, za mbuzi zawo, za mwendo umene unkawavuta. Potsanzika, ali chiimire, anati, "Mkamwini, mphasa ija ndaifuna, kwathu kwabwera alendo." Alendo kunalibe. Bambo a Fidesi anaipinda mphasa ija msangamsanga ngati yagwira moto, naiperekeza mpaka pakhomo pa azakhali, ndipo tsiku lonse ankaimba mluzu, kuwaza nkhuni zimene sindinawatume. Ine ndinalephera kuyang'ana aliyense m'maso mpaka madzulo. Palibe liwu limodzi lolaula limene linanenedwa, koma mudzi wonse unadziwa, ndipo mudzi wonse unakhala ngati sukudziwa. Ulemu wake unali umenewo.

A Nambewe, azakhali ake a Rozina, anali mwa omaliza osunga zimenezi. Mphatso atabadwa, anakwera phiri ndi ndodo yawo mpaka ku nyumba za ku nkhalango, ufa pamutu, mphasa m'khwapa. Anamuitanira Lukasi pambali n'kumuuza mawu aja, Rozina ali m'nyumba akuyamwitsa. Rozina ankayesa kuti mphasayo anaisiya kuti adzagonepo akadzabweranso, chifukwa kachitidweka iye sanakaonepo. Mvula itayamba, a Nambewe anadwala chibayo, ndipo Ambuye anawatenga. Amake a Rozina ankayesa kuti a kuchimuna amuuza Lukasi kuti nthawi yodika yatha. A kuchimuna ankayesa kuti zimenezo n'za eni mbumba. Lukasi anapitiriza kuyala.

"Koma mkamwini," anatero a Gilibati, nthabwala zitawathera, "a Nambewe tinawaika m'manda inu mulipo. Munanyamula nawo bokosi. Mumati adzadzuka kudzatenga mphasa?"

"Ndinkadikira kuti wina abwera m'malo mwawo."

"Inu ophunzira, a kwaya, mumaopa mdulo?"

Mdulo, kwa amene simudziwa, ndi nthenda imene makolo ankati imagwira mwana ngati bambo ndi mayi alephera kudika: kutsokomola, kutupa, kuwonda. Yankho la Lukasi sindidzaliiwala.

"Ku sukulu anatiuza kuti mdulo kulibe. Ku tchalitchi chimodzimodzi, ndipo ine ndimavomereza. Koma Mphatso anatsokomola chisanu chonse chatha. Mwana ndi mmodzi yekhayu, malume. Ndikanayesera pa iye kuti ndione amene akunena zoona?"

Apa Rozina, amene anakhala pambali atafunda chitenje kumutu, analankhula osayang'ana mwamuna wake.

"Nanga mikanda munaichotseranji?"

"Iti?"

"Yoyera. Pa msomali."

"Ija? Ndinaisunga m'chitini cha tiyi pamwamba pa kabati. Chingwe chake chinali chofooka, ndinkaopa kuti ikamwazika Mphatso angameze."

A Gilibati anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, ndipo mkulu wake wa Lukasi anachita kuwamenya pamsana.

"M'chitini cha tiyi! Mwaona, mayi a Fidesi? Mwaona inu a tchalitchi? Mumatilanda anyamata, kuwaphunzitsa kuimba ngati angelo, koma mikanda sadziwa! Uyu akanabwera kwa ife kudambwe, bwenzi pano Mphatso ali ndi mng'ono wake."

"Akanabwera kwa inu bwenzi pano ali ndi akazi atatu ngati inu," ndinawayankha.

"Awiri! Wachitatu anathawa yekha."

Lukasi amake anamwalira ali wamng'ono, ndipo anakulira m'nyumba zogona ana a sukulu. Pa tsiku la ukwati alangizi anamukhazika pansi ndithu, koma lole yobwereka inali ikuliza hutala panja kuti ibwerere kusanade, ndipo malangizo anathera pa kusamala ndalama ndi kulemekeza apongozi. Za mikanda palibe anafikapo.

Tonse tinaseka, kupatula Rozina.

"Inu mukuseka," anatero. "Ine chaka chonse ndakhala ndikudziyang'ana pa galasi, kufunsa kuti chandichoka n'chiyani. Ndinkati kapena ndikununkha mkaka. Ndinkati kapena kubereka kwandiwononga. Mkazi aliyense wodutsa pa msewu ndinkamuyang'ana n'kumati, kapena ndi uyu. Bambo a Mphatso, pakamwa munali napo. Simukanandiuza?"

"Ndinkafuna," anatero Lukasi. "Ndikati ndinene m'Chichewa, mawu ankandilemera, ngati ndikukutukwana. Ndikati ndinene m'Chizungu, ndinkaopa kuti undifunsa kumene ndawaphunzira."

"Ndikanakufunsanidi."

"Waona."

A Gilibati anapukuta misozi ya kuseka, nakhala bwino. "Chabwino. Mlandu palibe apa, pali mphasa. Mphasa ndi ya a Nambewe, ndipo iyenera kuchoka m'nyumba imene ija. Ine mwamuna sindingakaitenge. Amake a mwanayu ndi apongozi, sangaponde kuchipinda kwa mkamwini. Atsala ndani?"

Onse anatembenukira kwa ine.

Ndisanamepo, ndinazengereza. Ine ndine wa kolona m'manja. Bambo mfumu analalikirapo kuti tisamange mabanja ndi mantha a mdulo, ndipo ine ndimakhulupirira kuti moyo wa mwana uli m'manja mwa Mulungu, osati pa mphasa. Ndinadzifunsa kuti anzanga a mumphakati akamva adzati chiyani, kuti mayi a Fidesi ayamba kutumidwa ndi a kudambwe. Koma ndinayang'ana khosi la Rozina lija. Pa ubatizo wake ndinalonjeza kuti ndidzamuthandiza pa njira yake. Sindinalonjeze kuti ndidzamuthandiza pa zokhazo zimene zilibe manyazi.

"Ndipita," ndinatero. "Ngati Rozina mwini wake akufuna kubwerera."

Rozina sanavomere pomwepo. Anati aganize. Lukasi anabwerera yekha ku Chongoni, chipewa m'manja.

Loweruka m'mawa ndikusesa pabwalo, ndinangoona Rozina waima pa mpanda, Mphatso kumbuyo, kathumba m'manja.

"Amayi, tiyeni mukatenge katundu wa azakhali."

Tinadzera njira ya chidule, ya anthu otola nkhuni, yodutsa m'mapaini. Lukasi tinamupeza akuchapa malaya ake pa mpopi, ndipo atationa anaimirira thovu lili m'manja, osadziwa kuti alonjere ndani poyamba. Nyumba inali yosesedwa bwino. Mphasa inali itaimikidwa pakona ya pabalaza, yothetheka kale m'mphepete, pakati pake patachita dzenje la munthu.

Ndinakhala pa mpando, anandipatsa tiyi, ndinamwa. Ndinamunyamula Mphatso, ndinamugwira paliwombo ngakhale linatseka kalekale, ndipo iye anandikoka mpango. Ndinakamba za chisanu, za mtengo wa feteleza, za bondo langa. Kenaka tinagwada tonse n'kupempherera mzimu wa a Nambewe ndi nyumba imeneyo. Ndikuimirira, mawu a azakhali anga anabwera okha pakamwa panga, ngati anali kungodikira.

"Mkamwini, mphasa ija ndaifuna. Kwathu kwabwera alendo."

Lukasi anaipinda, naimanga ndi luzi. Anafuna kundinyamulira mpaka kumsewu, koma ndinamukaniza. Ndinati abwerere, malaya ake akumudikira pa mpopi.

Rozina ndiye anandiperekeza pang'ono. Pa mlatho wa mitengo anaima.

"Amayi, ndabwerera. Koma mtima sunabwerere wonse. Ndikudziwa tsopano kuti sanalakwe, koma zimene ndinkadziuza chaka chonse zija zikadali m'mutu. Sizikuchoka chifukwa choti anthu aseka."

"Sizichoka lero," ndinamuuza. "Usadzikakamize. Koma chikakuvuta, usadzakhalenso chete chaka. Ubwere kwa ine, tidzasankhe nyemba."

Ndinasenza mphasa ija pamutu. Amayi a m'nyumba za antchito anali pa mpopi, ndipo mmodzi anafuula kuti, "Agogo, mwagula zingati mphasa yakuthayo?" Ndinati sindinagule, ndadzatengera eni ake. Anangoyang'anana. Onse ndi atsikana, ochokera kutali, wina ku Mzimba, wina ku Mulanje, wina ku Nkhotakota, aliyense ndi mwana kumbuyo. Palibe mmodzi anadziwa chimene ndasenza.

Ndiye ndakhala ndikuganiza, awerengi anga. Ana athu masiku ano sakhalanso pakati pa nyumba za azakhali. Ntchito ikuwatengera ku nkhalango, ku maesiteti, ku Lilongwe kumene kukumangidwa nyumba usiku ndi usana. Zimenezo n'zabwino, tikuthokoza, akudya ndipo akutithandiza. Manyazi tinawapatsa, apita nawo. Mantha tinawapatsa, apita nawo. Koma anthu aja amene ankayenda pakati pa mwamuna ndi mkazi, onyamula uthenga umene awiriwo sangauzane, atsala kumudzi, ndipo akutha mmodzimmodzi.

Ena mwa anzanga amadandaula akamva achinyamata akutchula mawu a Chizungu aja. Amati ndi a m'nyimbo za pa wailesi, a anyamata a m'tauni onyenga ana a sukulu. N'zoona, alipo owagwiritsa ntchito ngati nyambo, ndipo atsikana inu chenjerani: amene akukuuza mawu amenewo kuseri kwa sitolo, koma kwa amalume ako akuopa kufika, palibe chimene akupanga koma mavuto. Komatu mawuwo paokha si oipa. Ine ndinawamva koyamba m'munda wa chimanga, kuchokera kwa mwamuna amene anandisunga mwaulemu mpaka tsiku lake lomaliza. Ndipo patapita zaka ndinasiya kuwaseka azungu aja. Chikondi cha m'banja sichimera chokha ngati bonongwe. Chimafuna manja, ndipo pena chimafuna pakamwa.

Sindikunena kuti tivule mawu athu nsalu. Ayi. Ngakhale mawu a Mulungu amene timamva Lamulungu amaivindikira nkhaniyi mwaulemu. Koma chovindikira chimafuna wina wodziwa chimene chili m'katimo. Inu amayi anzanga a m'mphakati, inu alangizi, inu azakhali: mwana wanu amene anakwatiwa kutali uja, munapitako liti? Osati pa maliro kapena pa ubatizo, koma kungopita, kukakhala pakhonde, kumwa tiyi, n'kuona ngati pakona ya pabalaza paimikidwa chinthu. Ndipo inu abambo a mpingo, anyamata amene tinawaletsa kupita kudambwe, ndani akuwakhazika pansi? Kapena tikuyesa kuti kwaya iwaphunzitsa zonse?

Lamulungu ku Misa sindinawaone awiriwo, koma kuchokera ku nkhalango n'kutali ndipo kunali mvula ya mawawa. Sindikudziwa mmene zikuyendera, ndipo sindifunsa msanga. Maina ndawasintha, monga ndimachitira nthawi zonse, koma Mwini kumwamba akuwadziwa enieniwo.

Mukamagwada sabata ino, pa kolona ya m'banja kapena panokha, ndikupempheni chinthu chimodzi. Kumbukirani nyumba ya Rozina ndi Lukasi, ndi kamwana kawo Mphatso. Mupemphe kuti mtima wa mtsikanayu ubwerere wonse, ndipo mnyamatayu apeze mawu, a chilankhulo chilichonse, oti amuuze mkazi wake kuti sanasiyepo kumufuna.